Sikani ya Apongozi Anga

Anthu akandifunsa za ntchito yanga ndimati ndimawerenga zithunzi za m'kati mwa thupi, ndipo amagwedeza mutu mwaulemu, maganizo ali pa mapapo ndi mafupa. Sindiwauza kuti ndili pa maphunziro ku Blantyre ndinatha nyengo yathunthu ndikuyang'ana malo amodzi okha, kumene kumatulukira chimbudzi. Aphunzitsi athu, mayi wamfupi amene manyazi anawasiya kwawo, ankati dokotala wa zithunzi wothamangira ubongo n'kumanyansidwa ndi kumatako ali ngati mmisiri womanga nyumba yokongola n'kuiwala chimbudzi. Ndiye tinkakhala m'kachipinda kozizira, magetsi atazimitsidwa, tikuyang'ana kumbuyo kwa anthu osawadziwa kuyambira m'mawa mpaka njala itatitulutsa.

Kunena zoona, malowo ndi opangidwa mwaluso. Pali mphete ziwiri za minofu, ina m'kati mwa inzake. Yam'kati imadzigwirira yokha ntchito, ngakhale uli m'tulo. Yakunja ndi ija umaimangitsa wekha dalaivala wa basi akakana kuima. Pakati pa mphetezi pali timabowo tating'ono, ndipo kamodzi kakatsekeka pamabadwa chithupsa. Chikaphulika munthu amathokoza kuti wachira, koma nthawi zina chimasiya kanjira kochokera m'kati kukatulukira pakhungu, ndipo kanjirako kamangodontha mafinya osaleka. Dokotala wa opareshoni asanagwire mpeni amafuna adziwe kuti kadutsa pati, chifukwa akadula mphete mosasamala, munthuyo sadzathanso kudzigwira moyo wake wonse. Ntchito yathu ndi kumujambulira mapu kuchokera pa zithunzi za makina a MRI.

Mutu wanga uli wodzaza ndi zimenezi, ndinapita kutchuthi kwawo kwa mwamuna wanga, kufupi ndi Kande. Ine ndinakulira cha ku Mpamba, m'nyumba za antchito a pa esiteti ya labala, makolo anga atachokera ku Dedza. Chitonga ndimachimva, cha mumsika ndimachilankhula, koma kwa eni nyanja ndinali mwana wa alendo, ndipo nditakwatiwa ndi mwana wawo ndinasanduka mkamwana, ndiye kuti mtengwa wa pakhomopo. Apongozi anga aamuna anali mkulu wa mpingo, msodzi wakale amene ankavala jekete ndi tayi ngakhale pokaona chinangwa kumunda. Ine ndi iwo tinkalankhulana moni wokha. Ndinkagwada patali, iwo ankati, "Mwe uli, ama?" maso ali pa mtengo wa mango, ine ndinkayankha kuti, "Nde umampha, ada," kutanthauza kuti ndili bwino, ndikuyang'ana pansi. Zikatero tsiku latha, aliyense wakhutira.

Ulendo umenewu ndinaona kuti bambowo sakhala pansi. Tiyi ankamwa chiimire, atatsamira chipupa. Masana ankagona chammbali pamphasa, wailesi ili pakhutu. Lamulungu, m'malo mokhala pa benchi ya akulu ampingo kutsogolo, anaima kumbuyo kwenikweni, akuti akuyang'anira ana aphokoso. Ndinafunsa mwamuna wanga, iye anati ndi msana. Msana wa kuti? Wodwala msana amagwira m'chiuno podzuka. Awa ankayenda ngati anyamula dzira pakati pa miyendo.

Amene anaulula ndi apongozi aakazi. Tinali padziwe tikuvuula chinangwa chomwe anaviika, manja akununkha, pamene anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Mkamwana, paja inu mumaona m'kati mwa munthu?"

"Pazithunzi, ama."

"Ada anu akusuzgika. Chaka chatha kunatuluka chithupsa kumbuyo, chinaphulika, tinati yewu Chiuta, tathokoza. Koma mpaka lero pakudontha. Ine ntchito yanga ndi kuwadulira tinsalu. Anthu akuti ndi nthenda ija ya mudzi. Mankhwala a mudzi tagula onse, a m'botolo, a mizu, akhala pamadzi otentha amchere mpaka beseni labooka. Palije chasintha."

Kenako ananena chimene chinkawawawa kwambiri. Bambowo anali atatsimikiza kuti pa msonkhano wotsatira wa akulu ampingo akatula pansi udindo. Mkulu wanji wosatha kukhala pa msonkhano? Mkulu wanji wonyamula mgonero mtima uli kumbuyo kwa thalauza, kuopa kuti mwina pathimbirira ndipo amayi a chigwirizano akuona? Ukuluwo ndi umene unkawadzutsa m'mawa chilekereni kupita kunyanja. Ankafuna kuusiya ulemu wawo ukadali wathunthu.

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Komanso, ndisabise, kamtima kena kanadumpha ndi chimwemwe cha mlenje, poti matenda amene ndinkawaona pa sikirini tsiku ndi tsiku anali akuyendayenda pabwalo atavala tayi.

Ndinathamangira kwa mwamuna wanga kuti akalankhule ndi bambo ake. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti akagwire ng'ona kumchira.

"Ine? Ndikafunse ada za kumeneko? Iwe ukufuna kukhala wamasiye?"

Anakumbukira mwadzidzidzi kuti injini ya boti ya msuweni wake ikufunika kuiona, ndipo sanabwere mpaka dzuwa litapendeka. Ndinakwiya naye masiku angapo, ndipo ndikaganiza bwino mkwiyowo sunatheretu.

Apongozi aakazi ndi amene anapeza njira. Anati nkhani yolemera imayenda ndi thenga. Thenga ndi amene kwathu timati nkhoswe, ndipo wathu anali malume a mwamuna wanga, kalipentala wolankhula mokoma amene anayendetsa nkhani ya ukwati wathu. Anabwera pa njinga, naye atavala jekete, miyendo ya thalauza ataipisa m'masokosi. Odwala anagona pamphasa pakhonde, ine ndinakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi thandala, ndipo asibweniwo, momwe onse ankawaitanira, ankayenda pakati pathu.

Sindinafunsepo wodwala movutikira chotero. Ndinkati, "Kawafunseni ngati mafinyawo amasakanikira ndi magazi, komanso ngati mpweya umatulukira pamenepo." Asibweni ankakonza kolala n'kuzungulira nyumba, ndipo ndinkawamva akuyamba ndi za mvula, za mtengo wa matabwa, kenako, "Mwana wa eni wandituma, akuti kodi m'dimba la kuseri madzi akuyenda motani?" Pankadutsa nthawi, makapu ankalira, n'kubwera atanyowa milomo ndi tiyi.

"Akuti funsolo alimva."

"Nanga yankho?"

"Ama, musathamange. Si minibasi iyi."

Ndinaluma mlomo. Koma pang'ono ndi pang'ono mayankho anabwera, ovekedwa jekete nawonso, ndipo ndikawavula ankamveka bwino lomwe. Thupi limatentha nthawi zina. Pakatsekeka pamatupa, pakatseguka ululu umachepa. Sakuonda, sakutsokomola. Ndinatumiza mawu akuti uwu si mudzi, ndi kanjira kotsalira pa chithupsa chija, ndipo mizu singakatseke. Akufunika dokotala wa opareshoni awaone, ndipo mwina adzafuna sikani ya MRI. Asibweni anapita, ndipo ulendo uno anakhalitsa. Pobwera anali atavula chipewa.

"Avomera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Apita ku Blantyre komweko. Kweni pali lamulo limodzi. Chithunzicho achione aliyense, madokotala, ophunzira anzanu onse, ngakhale olondera pageti. Koma mkamwana yayi."

Ndinaomba m'manja n'kulonjeza ndi mtima wonse. Zinandipepukira, poti ngakhale kuchipatala salimbikitsa kuti munthu aziwerenga zithunzi za abale ake. Ndinadziona ngati mtengwa wa mwambo, woti amayi anga akanamva akanaimba nthungululu.

Tinabwereka galimoto. Mwamuna wanga ankayendetsa, apongozi aakazi anakhala kutsogolo, odwala anagona pampando wonse wakumbuyo atavala suti yakuda, ndipo ine ndinatsatira pa basi kuti mwambo usaphwanyike. Anandiuza pambuyo pake kuti pa rodibuloko ina wapolisi anasuzumira, n'kuona bambo ali gone mu suti, maso ali tseke, ndipo anavula chisoti n'kupepesa. Apongozi anatsegula diso limodzi n'kumupatsa moni. Akuti wapolisiyo sanafunsenso laisensi.

Dokotala wa opareshoni anawaona n'kupempha sikani, monga ndinkaganizira. Tsiku lolowa m'makina ine ndinakabisala ku kantini. Ndinangomva kuti anakana kuvula tayi mpaka namwino wamwamuna atawalonjeza kuti aipachika bwino, ndiponso kuti atatuluka anati makinawo amalira ngati chigayo chimene mwini wake sasamala. Atafunsidwa ngati zithunzi zawo zingagwiritsidwe ntchito pophunzitsa, anavomera mosavuta. Anati moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa Sande sukulu.

M'mawa wina tili m'kachipinda kathu kozizira, aphunzitsi anati, "Lero tili ndi bambo wachikulire. Chithupsa chaka chatha, kudontha osaleka." Dzina panalibe, koma ndani akanandinamiza? Dzanja lawo lisanafike pa kompyuta ndinali nditatembenuza mpando wanga, mphuno ili pafupi ndi khoma.

"Adokotala," anatero aphunzitsi, "khomalo likudwala chiyani?"

Ndinafotokoza ndili chitembenukire. Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Aphunzitsi anaseka nawo, koma sanachedwe kuleka, poti nawonso ali ndi apongozi kwinakwake.

"Chabwino. Anakuletsani kuona, koma sanakuletseni kufunsa. Achimwene," apa ankauza mnzanga wina amene tinkaphunzira naye, "inu mukhale maso awo. Musanene chimene simunafunsidwe."

Basi mnzangayo anasanduka thenga. Ndinamuuza ayambire pa zithunzi zodula thupi chopingasa, pansi penipeni, azikwera pang'onopang'ono. Ndinamufunsa ngati mphete ziwiri zija akuziona bwino, anati eya. Ndinamuuza asankhe zithunzi zimene madzi amawala, poti pamenepo mafinya amaoneka oyera mbee pakati pa minofu yotuwa.

"Pali kadontho koyera," anatero.

"Kali mbali iti?"

"Kumbuyo, chakumanzere."

"Katsatireni. Kakulowera m'kati pati?"

"Kumbuyo, pakati penipeni."

"Kakuyenda pakati pa mphete ziwirizo, kapena kaboola yakunja?"

Ndinamva kagudumu ka mausi a kompyuta kakulira. "Kaboola."

"Pamwamba kapena pansi? Mnofu wotsala pansi pake ndi wochuluka bwanji?"

"Ndi wochuluka ndithu. Kaboola chapamwamba."

Apa panali vuto, chifukwa kanjira kotere sikangotumbulidwa ndi mpeni kamodzi n'kamodzi. Ndinamuuza asaime pomwepo, ayang'anenso mbali inayo, poti tinjira timeneti timakonda kubala nthambi. Anapeza nthambi yokhota kuzungulira kumbuyo ngati chogwirira ndowa, yothera pa kathumba ka mafinya kudzanja lamanja. Ndinamutuma akwere pamwamba pa mnofu waukulu umene umanyamula za m'chiuno, anati kumeneko kuli bwino. Aphunzitsi, amene anali ataona zonsezi kale, anangoti, "Ehe. Lembani lipoti, achimwene."

Anzanga anaomba m'manja mwachipongwe, wina n'kufunsa ngati thengayo apatsidwe nkhuku. Ine ndinakhalabe choyang'ana khoma kanthawi, chifukwa misozi inali italengeza. Zithunzi za anthu osawadziwa ndinkaziona ngati mapu basi. Izi, zongomva ndi makutu, zinandionetsa bambo wonyada ataima kumbuyo kwa tchalitchi chaka chathunthu ndi kathumba ka mafinya, akuimba nyimbo mokweza kuti wina asaganize kanthu.

Dokotala wa opareshoni anawafotokozera apongozi aamuna kuti adzatulutsa mafinya, n'kupisa kaulusi m'kanjirako kuti kaziuma pang'onopang'ono popanda kudula mphete, ndipo zina zidzatsatira pambuyo. Apongozi anamvetsera mwaulemu, anathokoza, n'kunena kuti akaganizire kunyumba. Ndinadziwa tanthauzo lake. Anali atamva za munthu wina wa ku Sanga amene akuti anapita ku opareshoni ya kumbuyo n'kubwerako akuvala thewera. Kaya munthuyo analikodi, sindikudziwa, koma m'mutu mwa apongozi anali wamoyo ndithu. Anabwerera ku Kande atagona momwe anabwerera, ndipo msonkhano wa akulu ampingo unkayandikira.

Ndinapempha masiku ochepa kuntchito n'kuwatsatira. Asibweni anaitanidwanso, jekete yomwe ija. Ndinali nditakhala kale pamalo anga kuseri, nditakonza mfundo zanga zonse za mphete ndi ulusi, pamene anabwera n'kuti, "Akuti mufike pakhonde."

Ndinagwada kumapeto kwa khonde. Apongozi anali chigonere chammbali, atatsamira chigongono, maso ali kumtengo wawo wa masiku onse.

"Ama, chithunzi chija munachiona?"

"Sindinachione, ada."

Ndinayankha monyadira, chifukwa chinali choonadi chimene ndinachivutikira. Iwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kumwetulira kukuonekera pakona ya mlomo.

"Mwayankha umampha." Kenako anatembenukira kwa asibweni. "Kauzeni adokotala aja anole mpeni wawo. Ndipita."

Zinathera pomwepo. Mfundo zanga zonse sizinagwire ntchito, ndipo ndinabwerera kuseri ndili kakasi. Apongozi aakazi ananditsatira, akuseka chogwira pakamwa.

"Mkamwana, ndinu katswiri! Nkhope osasintha n'komwe."

"Koma ama, n'zoona. Sindinaone."

"Eya, eya. Muzitero kumene."

"Ama, ndikunenetsa. Ndinatembenukira kukhoma. Anandiwerengera ndi mnzanga."

Kuseka kunatha. Anaika pansi lichero limene ananyamula, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukuti vichi? Simunaone?"

"Paja anati ndisaone."

"Mwana iwe!" Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Ukafuna anene chiyani pamaso pa thenga? Munthu wamkulu angatsegule pakamwa n'kuti mkamwana abwere adzandione kumbuyo? Lija linali lamulo la pakhonde. Wamwambo amaomba m'manja, n'kupita kukachita chofunikacho mwakachetechete, akafunsidwa n'kukana. Ulendo wonse uja anagonera chiyani m'galimoto? Ku Mzuzu madokotala anatha? Anandiuza okha kuti, ndikupita kumene kuli maso a mwana wathu, iye akaona n'kulola kuti adule, adule. Lero avomera chifukwa akudziwa kuti unaona."

Sukulu yonse ija, mabuku onse aja, koma chimene mtsikana aliyense wa pamudzipo akanachidziwa osauzidwa, ine chinandidutsa. Ndinachita manyazi, ndinakwiyanso pang'ono, chifukwa anthu awa bwanji osangonena chimene akufuna? Koma chachikulu chinali mantha. Bambo uja ankapita kukagona pansi pa mpeni atatsamira pa chinthu chimene kunalibe.

"Ndikawauze zoona?" ndinafunsa.

"Ukawauze kuti uwaphe? Khala chete. Ukudziwa chochita."

Za opareshoni sindinena zambiri. Anawaika kaulusi kaja, anadandaula nako miyezi ingapo kudzera mwa asibweni, anachira pang'onopang'ono, ndipo ukulu wa mpingo sanatule. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa umene ndinafika ku Blantyre kuchokera ku Kande, tsiku la opareshoni lisanakwane. Ndinapita kwa aphunzitsi ndisanasiye n'komwe chikwama, n'kuwafotokozera zonse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye mwini wake akufuna muone?"

"Akufuna, koma sanganene."

"Amuna a kwathu nawonso ndi choncho," anatero, n'kunditsegulira zithunzizo, n'kutuluka, n'kutseka chitseko.

Ndinakhala pansi. Poyamba ndinadzipeza ndikunena chamumtima kuti pepani, ada. Kenako ntchito inandigwira. Ndinayambira pansi penipeni n'kumakwera, chithunzi chimodzi chimodzi, osadumpha. Mphete ziwiri zinali pomwepo. Kanjira koyera kanaboola yakunja pamene mnzanga ananena, nthambi inakhota momwe ananenera, kathumba kanali kudzanja lamanja. Ndinayang'ananso chotsika, ndinayang'ana chammbali, ndinasuzumira pamwamba pomwe kuti mwina pabisala kena. Panalibe chimene anaphonya. Ulusi unali njira yoyenera, ndipo tsopano ndinkadziwa ndi maso anga.

Ndinatuluka panja n'kuimbira apongozi aakazi.

"Ama, auzeni abwere. Asaope."

"Waona?"

"Sindinaone, ama."

"Yewu, mwana wangu," anatero, n'kudula foni.